Cosby, Full House, Urkel kapena Fresh Prince: ndi sewero liti lakale loti muonere ndi ana pabalaza?

Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Pofika chaka chimenecho, masewero oseketsa a mabanja a ku America omwe ambirife timawakumbuka mpaka lero anali atatha kale kwawoko. The Cosby Show inatha mu 1992, Full House mu 1995, The Fresh Prince of Bel-Air mu 1996, Family Matters mu 1998. Ife tinawapeza akuchita kubwerezedwa, pa matchanelo a ku South Africa, pa DStv ya kwa aneba, kapena pa ma DVD a pamsika aja okhala ndi sizoni yonse pa chimbale chimodzi. Ana omwe ankasuzumira pa zenera nthawi imeneyo lero ndi makolo, ndipo ena akudzifunsa kuti mwa masewero onse aja ndi liti loti akhale nalo pansi ndi ana awo Loweruka madzulo, m'malo moti aliyense aziweramira foni yake.

Ukamawakumbukira patali amaoneka ngati sewero limodzi: pabalaza, sofa pakati, masitepe kumbuyo, bambo akukalipa, anthu osaoneka akuseka. Ukawabwereranso uli wamkulu umapeza kuti ndi osiyana kwambiri, makamaka pa zinthu ziwiri: akulera mwana m'nyumbamo ndani, ndipo ndalama zikuchokera kuti. Ineyo, pakhomo pakakhala ana a sekondale, ndimaloza Fresh Prince mosazengereza. Koma si pakhomo ponse pali ana a msinkhu umenewo, komanso sewero lomwe linalembedwa mwaluso kuposa onsewa ndi lomwelo lomwe lero limavuta kulionera ndi mtima uli m'malo.

Chomwe amafanana ndi kapangidwe kake. Gawo lililonse ndi mphindi pafupifupi 22, poti mphindi zotsala pa theka la ola zimapita kwa otsatsa malonda. Ankajambulidwa ndi makamera angapo nthawi imodzi, pamaso pa anthu enieni okhala m'mipando ngati mu holo, njira yomwe inakhazikika ndi I Love Lucy mu 1951. Nkhani ya gawo lililonse imayamba n'kuthera momwemo, ndipo izi zili ndi chifukwa chake. Sewero likafika magawo pafupifupi 100, eni ake amaligulitsa ku matchanelo ena kuti azilionetsa tsiku ndi tsiku, ndipo tchanelo yotere siifuna woonera wosokonezeka chifukwa anaphonya za dzulo. Ndi malonda amenewa omwe anawafikitsa kuno kwathu. Phindu lake kwa inu n'lakuti palibe chokukakamizani kuyambira gawo loyamba kapena kumaliza onse. Bandulo ikakhala yochepa, tolanimo magawo abwino okhaokha.

The Cosby Show

Seweroli linayamba pa tchanelo ya NBC pa 20 September 1984, nthawi yomwe akuluakulu a TV ku America ankanena kuti masewero oseketsa atha fasho. A tchanelo ya ABC anali atalikana. Linadzakhala nambala wani m'dziko lonselo kwa masizoni asanu otsatizana, n'kukokera pamwamba masewero ena a Lachinayi usiku monga Family Ties ndi Cheers. Lili ndi magawo 201 m'masizoni 8.

Banja lake ndi la a Huxtable ku Brooklyn, mu mzinda wa New York. Bambo Cliff, yemwe ndi Bill Cosby mwini seweroli, ndi dokotala wa amayi oyembekezera, mayi Clair ndi loya, ana alipo asanu. Kuti mumvetse chomwe chinagwira anthu mtima, onerani gawo loyamba lenilenilo. Mnyamata wawo Theo wabwera ndi lipoti la sukulu lodzaza ma D, ndipo akuti za koleji alibe nazo ntchito, akufuna kudzakhala munthu wamba. Bambo akutenga ndalama zoseweretsa za Monopoly n'kumuwerengera madola 1,200, ati nawa malipiro ako a pamwezi. Kenako akuyamba kuzithothola m'manja mwake, za msonkho, za lendi, za mayendedwe, za zovala, za chakudya. Theo akulimbalimba, akutengako zina, akuti adzakhala kotchipa ku New Jersey ndipo adzayendera njinga yamoto. Watsala ndi kangachepe, akumwetulira kuti wapambana. Bambo akumufunsa ngati akuganiza zodzakhala ndi chibwenzi. Atangovomera, zotsala zija zalandidwa zonse.

Pamapeto Theo akulankhula mogwira mtima kuti bambo ake angomulandira momwe alili poti ndi mwana wawo. Anthu mu holo muja akuwomba m'manja, kuganiza kuti apa ndiye pokumbatirana. Cliff akumuyang'ana n'kumuuza kuti sanamvepo zopanda nzeru zotere chibadwire, ndipo sukulu alimbikira afune asafune. Masewero ambiri a zaka za m'mbuyomo ankaika mwana wochenjera pakamwa kuti azigonjetsa makolo. Apa makolo anabwerera pa mpando wawo, ndipo masewero omwe anabwera pambuyo pake anatengera pomwepa.

Komabe olemba ake sanasiye bamboyo akhale wolondola mpaka kalekale. Theo atafika ku koleji anamupeza ndi dyslexia, vuto lomwe limasokoneza munthu powerenga ngakhale ali wanzeru. Ndiye kuti ma D aja sunali ulesi wokha. Kholo lomwe lili ndi mwana wovutika m'kalasi lionere magawo awiriwa motsatizana, pali chotolapo.

Kwa ife a kum'mwera kwa Africa muli tinthu tomwe woonera wa ku Ohio mwina ankangotidutsa. Pa chitseko cha chipinda cha Theo panali chikwangwani chotsutsa apartheid. A NBC anafuna kuchichotsa, Cosby anakana. Mapasa a mwana woyamba, Sondra, anawatcha Nelson ndi Winnie, Mandela akadali m'ndende. Miriam Makeba anaonekamo ngati mlendo mu 1991. Katswiri wa matenda a maganizo wa ku Harvard, Alvin Poussaint, ankawerenga zolembedwa za seweroli kuti musalowe zonyozetsa anthu akuda. Ena ankadandaula kuti banjali n'lolemera mopitirira ndipo za tsankho silizikhudza kwenikweni, moti azungu ankatha kulionera n'kumati basi, mavuto aja anatha. Dandauloli lili ndi mfundo. Gawo lomaliza linaulutsidwa pa 30 April 1992, mzinda wa Los Angeles ukuyaka moto ndi ziwawa zomwe zinabuka apolisi omwe anamenya munthu wakuda dzina lake Rodney King atapezeka osalakwa kukhoti.

Ndiye pali nkhani ya mwini wake. Amayi oposa 50 anatulukira poyera kunena kuti Bill Cosby anawachita zachipongwe, ambiri akuti anayamba wawapatsa mankhwala ogoneka. Mu 2018 khoti la ku Pennsylvania linamupeza wolakwa pa mlandu umodzi n'kumutumiza kundende. Mu June 2021 khoti lalikulu la chigawocho linafafaniza chigamulocho, osati chifukwa anapezeka wosalakwa, koma chifukwa woimira boma wakale anali atamulonjeza kuti sadzamuzenga mlandu. Matchanelo ambiri anasiya kuonetsa seweroli kuyambira 2014, ndipo osewera ena omwe sanalakwe kanthu anataya ndalama zomwe ankalandira likamabwerezedwa. Malcolm-Jamal Warner, yemwe anali Theo, anamira m'nyanja ku Costa Rica mu July 2025 ali ndi zaka 54, ndipo anthu ambiri omwe analumbira kuti sadzaonereranso anapezeka akufunafuna gawo la Monopoly lija.

Maganizo anga ndi akuti musayambire ili ndi ana aang'ono. Mwana amakonda nkhope, osati luso la olemba, ndiye mudzavutika tsiku lomwe adzalembe dzinalo pa Google. Ndi achinyamata mutha kulionera, bola muwauze zoona musanayambe. Ngati nkhope ya Cosby simukuifuna m'nyumba mwanu, pali A Different World, yomwe inaphuka kuchokera m'seweroli mu 1987 n'kufika 1993. Imakamba za ophunzira a pa Hillman College, koleji yopeka ya anthu akuda, ndipo kuyambira sizoni yachiwiri, Debbie Allen atatenga utsogoleri, inalimba mtima kukamba za Edzi, kugwiririra ndi tsankho. Cosby ndiye anaiyambitsa koma saonekamo kawirikawiri. Ndi yabwino kwa mwana yemwe akudikira kupita ku yunivesite.

Full House

Ili ndi la ana, ndipo silichita manyazi nazo. Linayenda pa ABC kuyambira 1987 mpaka 1995, magawo 192. Danny Tanner wa ku San Francisco waferedwa mkazi pa ngozi yochititsidwa ndi dalaivala woledzera, watsala ndi ana aakazi atatu, womaliza ali wakhanda. Obwera kudzamuthandiza ndi mnzake wapaubwana Joey, ndi mlamu wake Jesse, mlongo wake wa malemu. Ku America chosekesa chinali chakuti amuna atatu akusintha matewera. Kwa Mchewa kapena Mmang'anja, malume kubwera kudzayang'anira ana a mlongo wake maliro atatha si nkhani yachilendo konse, ndi udindo wake. Chachilendo n'chakuti malume ake ndi woimba wa tsitsi lopaka mafuta, wokonda Elvis Presley ndi njinga yamoto, woti nayenso akufunika womulera.

Khanda lija, Michelle, ankasewera ndi mapasa Mary-Kate ndi Ashley Olsen mosinthana, chifukwa malamulo a ku California amachepetsa kwambiri maola omwe mwana wamng'ono angagwire ntchito. Anayamba asanakwanitse chaka.

Vuto lake n'lakuti n'lotsekemera mopitirira. Gawo lililonse likatsala mphindi zochepa kanyimbo kofatsa kamayamba, wamkulu akukhala m'mphepete mwa bedi, mwana akupepesa, akukumbatirana. Mukaonera magawo anayi motsatizana muyamba kudziwiratu pomwe kanyimboko kalowere. Za ndalama musayembekezere kumva. Nyumba yaikulu mu umodzi wa mizinda yodula kwambiri ku America, anthu akungowonjezekeramo, palibe wodandaula za bilu ya madzi. Koma kwa mwana wa zaka 6 mpaka 10 palibe lina loposa ili. Chingerezi chake n'chosavuta, mulibe zolaula, ndipo mwana woferedwa kholo amaona anzake akulitchula dzina popanda wina kuwatontholetsa.

Netflix inalidzutsa mu 2016 ndi dzina loti Fuller House, magawo 75 mpaka 2020, nkhani itatembenuzidwa: D.J., mwana woyamba uja, ndiye wamasiye tsopano, ali ndi ana aamuna atatu. Mapasa aja anakana kubwerera. Analipangira akuluakulu ofuna kukumbukira ubwana wawo, ndiye mwana yemwe sanaonepo loyambalo theka la nthabwala zake zimudutsa. Bob Saget, yemwe anali Danny, anamwalira mu January 2022.

Family Matters, ndi mlendo wake

Pa onsewa, nyumba ya a Winslow ku Chicago ndiyo imafanana kwambiri ndi nyumba za m'matauni mwathu. Bambo Carl ndi wapolisi. Mayi Harriette ankagwira ntchito yoyendetsa chikepe pa kampani ya nyuzipepala m'sewero lina lotchedwa Perfect Strangers, komwe seweroli linaphukira mu 1989. M'nyumbamo muli ana atatu, agogo obereka bambo, ndiponso mng'ono wake wa mayi, Rachel, wamasiye, ndi kamwana kake. Malipiro ndi a wapolisi, pakamwa ndi pambiri. Reginald VelJohnson, yemwe anali Carl, anali atangosewera wapolisi mu filimu ya Die Hard mu 1988, ndipo yunifolomuyo inamukhala ngati anabadwa nayo.

Ndiye pakati pa sizoni yoyamba munalowa kamnyamata ka kwa aneba, ka magalasi aakulu, thalauza yokwezera m'mimba ndi mawu a m'mphuno, Steve Urkel. Wosewera wake, Jaleel White, anaitanidwa kuti asewere gawo limodzi lokha. Anthu anaseka mpaka olemba anamubweza, n'kumubwezanso, mpaka zinakhala ngati mlendo wobwera kudzapala moto yemwe watsala mwini khitchini. Mwana womaliza wa a Winslow, Judy, anangosowa sizoni yachinayi itatha, popanda wonena komwe wapita, ndipo banjalo linapitiriza ngati linali ndi ana awiri chiyambire. Urkel anayamba kupanga makina omusandutsa mnyamata wa kaso dzina lake Stefan, kenako makina odumphitsa munthu kupita ku Paris, ndipo seweroli linatha mu 1998, litasamukira ku CBS, iye ali m'mlengalenga ndi chombo. Jo Marie Payton, yemwe anali Harriette, mayi yemwe seweroli linayambira pa iye, anachoka sizoni yomaliza ili pakati.

Zoterezi zinachitikapo kale. Good Times, yomwe inayenda pa CBS kuyambira 1974 mpaka 1979, inali ya banja losauka la a Evans m'nyumba za boma ku Chicago komweko. Esther Rolle, yemwe anali mayi wa banjali, anaumirira kuti m'nyumbamo mukhale bambo, poti TV inkakonda kuonetsa mabanja a anthu akuda opanda bambo. Koma mwana woyamba, J.J., ndi zibwana zake, ndiye anatenga malo. John Amos, yemwe anali bambo James, anakangana ndi olemba pa nkhaniyi mpaka anamuchotsa mu 1976, n'kulemba kuti wafa pa ngozi ya galimoto ku Mississippi komwe anali atangopeza ntchito. Masizoni atatu oyamba a Good Times ndi amphamvu, koma ndi a akuluakulu. Muli ulova, ngongole, kuthamangitsidwa m'nyumba, ndipo chithunzi chake chakalamba moti ana a lero sachedwa kutopa nacho.

Family Matters ili ndi magawo 215, ochuluka kuposa a The Cosby Show, Full House kapena Fresh Prince, koma ine ndingakulangizeni masizoni anayi kapena asanu oyamba. Mmenemo muli banja. Muli gawo la 1994 lomwe apolisi awiri achizungu akuimitsa Eddie, mwana wa Carl, n'kumugwetsa pansi chifukwa choyenda m'dera la azungu. Poyamba Carl sakumukhulupirira mwana wake, poti akudziwa kuti anyamata amanama ndipo apolisiwo ndi anzake a ntchito. Kenako akupita kukawapeza pomwe akumwa khofi. Ana a pulayimale, kunena zoona, adzakonda masizoni a makina aja kuposa awa, ndipo konzekerani kumva mawu a m'mphuno m'nyumba mwanu kwa mwezi wathunthu.

The Fresh Prince of Bel-Air

Nkhani yake aliyense wa kuno amaidziwa asanaionere. Mnyamata wayamba kusokonekera kwawo, mayi ake aopa, amutumiza kwa achibale opeza bwino kuti akaphunzire. Will wachoka ku West Philadelphia kupita ku Bel-Air, dera la anthu olemera ku Los Angeles, kwa mayi ake aang'ono a Vivian ndi amuna awo a Philip Banks, loya yemwe pambuyo pake anadzakhala jaji. Amene anakulirako kwa achibale ku Area 10 kapena ku Namiwawa atachokera kumudzi kapena ku Ndirande akudziwa zonse zomwe zili mmenemu: kusadziwa foloko yoyambira, ana a pakhomo kukuyang'ana nsapato, ndi kudziwa mumtima kuti ukalakwitsa kwambiri basi yobwerera ilipo.

Linayenda pa NBC kuyambira September 1990 mpaka May 1996, magawo 148, omwe ndi maola pafupifupi 54. Katswiri wa nyimbo Quincy Jones ndiye analikankha kuti litheke, ndipo maziko ake ndi moyo wa Benny Medina, yemwe ali mnyamata anatengedwa ndi banja lolemera ku Beverly Hills. Will Smith anali woimba rap wa zaka 21, wosadziwa zisudzo, ali ndi ngongole yaikulu ya msonkho. M'magawo oyambirira mukamuyang'anitsitsa pakamwa mumuona akutsatira chamumtima mawu a anzake, poti ankaloweza za aliyense.

Chomwe chimaliika patsogolo kwa ine n'chakuti funso lomwe Cosby analizemba, ili linaliika pakati pa balaza. Kodi munthu wakuda akalemera amasiya kukhala wa kwawo? Will akuganiza kuti bambo ake aang'onowa anadzigulitsa. M'gawo loyamba lomwe a Philip akumuuza kuti iye wangopachika chithunzi cha Malcolm X, womenyera ufulu wa anthu akuda, pakhoma, pomwe iwo anamumva akulankhula ndi makutu awo. Kenako tikudzamva kuti bwana wa suti ameneyu anakulira pa famu, akuweta nkhumba, ndipo amachita manyazi mayi ake akazitchula pagulu. Mwana wawo Carlton, wovina nyimbo za Tom Jones mopinda manja uja, poyamba amangooneka ngati woseketsa. Koma onerani gawo la sizoni yoyamba lomwe iye ndi Will akuyendetsa Mercedes ya mnzawo wa a Philip kupita ku Palm Springs. Asochera, akuyenda pang'onopang'ono, apolisi awagwira kuti ndi akuba magalimoto. Atatuluka, Carlton akuumirirabe kuti apolisiwo amangogwira ntchito yawo, n'kufunsa bambo ake ngati iwo sakanaimitsa galimoto yoyenda chomwecho. Bambo akuyankha kuti nawonso anadzifunsa funso lomwelo tsiku loyamba lomwe anaimitsidwa. Akumusiya yekha pabalaza, ndipo gawolo likutha popanda woseka.

Gawo lomwe anthu amalitumizirana pa WhatsApp mpaka lero ndi la 1994. Bambo ake omubereka a Will, a Lou, dalaivala wa mathiraki, atulukira patatha zaka 14. Akulonjeza kumutenga paulendo tchuthi chonse. A Philip akukana, poti amamudziwa munthuyo, ndipo Will akuwakalipira kuti iwo si bambo ake. Tsiku lonyamuka, a Lou apeza katundu woti akapereke mwachangu, ndipo akufuna kuzemba osatsanzika, ati a Philip akamuuze mwanayo. A Philip akukana kuwasenzera uthengawo. Will akulowa chikwama chili pa phewa, wamva, ndipo potsanzika akuwatchula dzina lawo lenileni, osatinso bambo. Atatuluka akuyamba kuwerenga zonse zomwe anaphunzira popanda iwo, kuyendetsa galimoto, kumeta ndevu, kumenya ndewu, akudzilimbitsa mtima kuti zotsalazo adzathanso yekha. Mawu akumuthera, n'kufunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani sakumufuna. James Avery, yemwe anali a Philip, sakuyankha kanthu, akungomukokera pachifuwa, chipewa n'kugwa. Nkhani yomwe imayenda pa Facebook yoti Will Smith ankalira zenizeni chifukwa bambo ake anamuthawa si yoona, bambo akewo analipo pa moyo wake. Ngati pakhomo panu mukulera mwana yemwe bambo ake amangotumiza malonjezo, ganizirani kaye musanaike gawoli, ndipo musaliike pali alendo.

Zofooka zake zilipo ndithu. Will ndi wachipongwe kwa akuluakulu, ndipo nthabwala zonena kunenepa kwa a Philip ndi kufupika kwa Carlton sizitha. Mwana wa zaka 9 adzazitola n'kukaziyesa kwa amalume ake enieni. Pa atsikana Will ndi wamaso-maso, ndipo zina zomwe zinkaseketsa mu 1992 lero zimangochititsa manyazi. Chingerezi chake ndi cha mumsewu cha nthawi imeneyo, chofunika mawu olembedwa pansi. Komanso mayi Vivian akusintha nkhope sizoni yachinayi ikuyamba. Janet Hubert anachoka mu 1993 atasemphana ndi opanga seweroli komanso Will Smith, m'malo mwake munalowa Daphne Maxwell Reid, ndipo Vivian wolusa, mphunzitsi wa pa yunivesite uja, anasanduka mayi wofatsa wongokhala pambali. Janet Hubert ndi Will Smith anadzakhululukirana pamaso pa makamera mu November 2020, James Avery atamwalira kale mu 2013.

Samalani ndi dzina pofufuza. Bel-Air ya 2022 ya pa Peacock, kampani yoonetsa makanema pa intaneti, momwe Jabari Banks ndiye Will, ndi nkhani yomweyi koma si yoseketsa. Gawo lililonse ndi pafupifupi ola, muli mfuti, mankhwala osokoneza bongo ndi kutukwana. Inachokera ku kakanema kakafupi komwe mnyamata wina wojambula, Morgan Cooper, anaika pa YouTube mu 2019. Ndi yabwino payokha, koma si ya pabalaza agogo ali pompo.

Zoti muganizire musanagule bandulo

Masewerowa amasamukasamuka, chaka chino ali pa kampani iyi, chaka chamawa pa ina, ndipo zomwe zikupezeka ku Britain si zomwe zikupezeka ku Lilongwe kapena ku Lusaka. Fufuzani kaye musanalipire. Anajambulidwa pa chithunzi cha ma TV akale a bokosi, ndiye pa TV ya lero m'mbali mukhala mwakuda, musavutike ndi rimoti. Pa Chingerezi, chosavuta ndi cha Full House, kenako cha Cosby, momwe anthu amalankhula modekha ndipo mwana wa Fomu 1 atha kutolamo mawu. Mwa onsewa ana a sukulu amakhala ndi zibwenzi makolo akudziwa, amabwera nazo mpaka pakhomo, ndiye ngati kwanu zimenezo n'zosayenera konzani yankho, funso libwera.

Lina lomwe si la m'gulu ili

Ngati pakhomo panu chomwe chimasowa si malangizo koma ndalama, nyumba zikuluzikulu zonsezi zikhoza kukutopetsani. Pitani ku Everybody Hates Chris, ya 2005 mpaka 2009, magawo 88. Ndi yatsopano poyerekeza ndi enawa, koma nkhani yake ndi ya zaka za m'ma 1980 ku Bedford-Stuyvesant, ku Brooklyn komwe kuja kwa a Huxtable, mbali yomwe Cosby sankaionetsa. Katswiri wa nthabwala Chris Rock akusimba za ubwana wake. Mulibe anthu oseka, mulibe kanyimbo kokumbatirana. Bambo Julius, yemwe ndi Terry Crews, amagwira ntchito ziwiri, masana amagona ndipo ana amayenda chonyang'ama, ndipo mkaka ukatayika patebulo amatchula mtengo wake mpaka masenti. Mayi Rochelle amasiya ntchito akangopsa mtima, podalira ntchito ziwiri za amuna awo, ndipo angalolere kugona ndi njala kusiyana n'kuti aneba adziwe kuti pakhomopo zavuta. Chris, poti ndi woyamba kubadwa, ndiye amakalipiridwa pa zolakwa za ang'ono ake, ndipo amakwera mabasi awiri kupita kusukulu ya azungu okhaokha komwe amamenyedwa. Ku Brazil seweroli linatchuka mwina kuposa kwawo komwe, ndipo sizodabwitsa.

Wosimba nkhaniyo amalankhula mothamanga, komanso mawu ena ndi olimba kwa ana a pulayimale, ndiye ndi la a zaka 12 kupita m'mwamba. Mukadzafika gawo lomaliza, banja lonse lili m'lesitilanti kudikira zotsatira za mayeso a Chris, envulopu yafika, iye akufunsa kuti mwalembedwa chiyani, chithunzi chikuzima pomwepo. Ankatsanzira mathero a sewero lina la ku America, The Sopranos. Musatume mwana kukaona ngati mayunitsi atha.